Pantoni Itazima Pakati pa Mtsinje

Loweruka lililonse m'mawa, Aphunzitsi ankang'amba pepala m'kope, n'kulembapo zotuma, n'kupatsa mwana wawo wotsiriza, amene msewu wonse unkangomutcha Mzime. Ndipo Loweruka lililonse, pangodya ya sitolo ya zitsulo, pankakhala pataima mwamuna wamtali ngati mtengo wa magetsi, akudikira pepala limenelo ngati kalata yake. Anzake ankamutcha Mlongoti. Ntchito yake inali yomanga madishi a TV pamadenga a anthu, koma asanayambe kukwera madenga anayendetsa malole zaka zisanu ndi zinayi, kudutsa malire a mayiko asanu ndi awiri, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Chikondi chawo chinali cha m'zotuma, chifukwa kunyumba kwa Aphunzitsi Mlongoti sankafunika. Mayiwo anapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale, koma mawu awo ankamvekabe ngati akuitana mayina m'kalasi. "Munthu wokhalira padenga," ankatero, "tsiku lina adzabwera atanyamulidwa. Mwana wanga adzadya waya?" Amene iwo ankamufuna anali mwana wa mnzawo, mwini sitolo ya magalasi a maso, mnyamata wa malaya ositidwa bwino amene ankangodziwika kuti Wamagalasi.

"Lero atituma kuti?" anafunsa Mlongoti, akusuzumira pepala.

"Atituma? Atuma ine."

"Nanga gasi amanyamula ndani?"

Mzime anaseka, nawerenga. Gasi. Nsapato za amayi kwa wosoka. Mababu awiri. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mabatire a rimoti. Munthu atha kuyenda mizinda makumi awiri, kugona m'mahotela ndi pansi pa malole, osapeza mkazi woyenda mumsika ngati mmene ankayendera Mzime: maso pa katundu, khutu pa anthu. Wogulitsa mababu akakangana ndi mkazi wake, iye ankachedwa dala posankha babu, kenako n'kutulutsa foni n'kulembamo mawu awiri atatu. Mlongoti ankayenda pambuyo, botolo la gasi paphewa, akunyadira ngati wanyamula mbendera.

*

Mzime anali ndi chinsinsi, ndipo padziko lonse ankachidziwa Mlongoti yekha.

Lachinayi lililonse madzulo pa TV pankaonetsedwa sewero limene linkatseketsa anthu masitolo nthawi isanakwane. Linali la mwana wamkazi wa munthu wolemera, dokotala amene ankamufuna, ndi dalaivala wa pabanjapo. Olemba sewerolo dalaivalayo ankangomupatsa ntchito yotsekula chitseko cha galimoto. Koma pa gulu lina la pafoni, la anthu opitirira zikwi ziwiri, panali wolemba wobisika wodzitcha Namzeze, amene ankatenga anthu a m'sewerolo n'kuwalembera nkhani yakeyake. M'nkhani ya Namzeze dalaivala uja anali ndi pakamwa, anali ndi mbiri, anali ndi maulendo. Gawo lililonse ankalitumiza kwa woyang'anira gululo Lachitatu, kudzera pa nambala ina, ndipo linkatuluka mphindi yomwe sewero latha.

Namzeze anali Mzime. Ndipo dalaivalayo, kuyambira kayendedwe mpaka kudzitama kwake, anali Mlongoti.

Kubisako kunali ndi chifukwa. Mzime analephera mayeso omaliza a kusekondale ulendo woyamba, ndipo Aphunzitsi atatsekula makope ake anapeza nkhani zachikondi m'malo mwa masamu. Anawatentha kuseri kwa nyumba, Mzime akuona, namulumbiritsa kuti sadzalembanso nkhani. Anabwereza mayeso, anakhoza, anapeza ntchito, koma lumbirolo silinachotsedwe. Choseketsa n'chakuti pa anthu zikwi ziwiri aja, wowerenga wokhulupirika kuposa onse anali Aphunzitsi.

Wosoka nsapato anati adikire pang'ono, choncho anakhala pabenchi yake. Mzime anaika hedifoni imodzi m'khutu mwake, ina m'khutu mwa Mlongoti. Inali nyimbo yomweyo ya gitala ndi mawu a mkazi mmodzi, imene ankaimvetsera mobwerezabwereza akamalemba.

"Gawo lathali dalaivala ndi anzake ndinawasiya pakati pa mtsinje," anatero. "Pantoni yazima, madzi akuikokera ku mathithi. Mvera mmene ndawaolotsera."

Nkhaniyo inali ya Mlongoti, inamuchitikira yekha pa pantoni, chombo choolotsa magalimoto, kudziko lina, ndipo anali atamusimbira Mzime tsiku lina akudikira pamzere wa mankhwala. Mzime anawerenga chapansipansi:

"Pachombopo panali oimba a bandi opita ku ukwati. Woimba lipenga anakwera pamwamba pa matumba a simenti, nayamba nyimbo kuti ana asamve phokoso la mathithi. Dalaivala anayang'ana lamba wa injini wodukayo, nayang'ana lamba wa buluku lake. Anati, amayi nonse tembenukani, ulemu wanga ukupita kukagwira ntchito."

Mlongoti anachotsa hedifoni m'khutu, nayang'ana patali.

"Bwanji? Zaipa?"

"Ine ndinalipo pa pantoni imeneyo," anatero pang'onopang'ono. "Lipengalo ndinalimva ndi makutu angawa. Koma zoti ankaimbira kuti ana asamve mathithi, ndazidziwa lero. Iwe sunalipo, koma waona zambiri kuposa ine. Ndakumana ndi anthu a sukulu m'mayiko asanu ndi awiri, palibe wokufika pamapewa."

"Usayambe ndi mayiko ako. Ndipo usauze munthu mathero ake."

"Pakamwa panga ndatseka ndi loko."

"Pakamwa pako ndi geti la kumsika," anatero Mzime, akulandira nsapato.

*

Lachinayi masana kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa zikwangwani ndi kuulutsa zovala pazingwe. Cha m'ma folo koloko foni ya Mlongoti inalira. Anali Mzime.

"Dishi yathu yatembenuka. TV ikungoonetsa mdima. Amayi aimbira amisiri atatu, onse akuti mawa."

"Ndiye?"

"Ndiye andipempha nambala yako. Nkhope yawo ngati akumeza mankhwala owawa."

"Auze kuti ndili wotanganidwa kwambiri. Ndifika m'mphindi khumi."

"Uvale malaya abuluu aja. Ndipo usalankhule zambiri. Wamagalasi abweranso."

"Kudzatani?"

"Kudzaonera sewero limene salikonda."

*

Ntchito ya padenga inamutengera mphindi zosakwana makumi awiri, ndipo akanatha kuimaliza m'mphindi zisanu, kungoti ankafuna msewu wonse umuone ali padenga la Aphunzitsi. Atatsika, mayiwo anali ataima pakhomo, rimoti m'manja.

"Chithunzi chabwera. Koma mukhale kaye mpaka sewero lithe, bambo. Chikathawanso sindikufuna kukusakani."

Umo ndi mmene Mlongoti analowera koyamba m'nyumba imene ankailota. Anamupatsa mpando wapulasitiki pafupi ndi chitseko. Anayang'ana zonse: wotchi yapakhoma, chithunzi cha malemu bambo ake a Mzime atavala tayi, kabati ya galasi yodzaza ndi makapu amaluwa amene sankatulutsidwa. Pa sofa yayikulu panakhala Wamagalasi, atapingasa miyendo, bokosi la mabisiketi pa tebulo patsogolo pake kuti aliyense adziwe wabweretsa. Pambali pake panali azakhali ake a Mzime, mayi wa thupi lalikulu ndi kuseka kwakukulu, amene ankakhala m'nyumba ya kuseri.

"Achimwene, fumbi la padenga lili paphewa," anatero Wamagalasi mwaulemu wonyenga.

"Zikomo achimwene. Mumaona bwino. Ndi magalasi anu omwe?"

Azakhali anaseka mpaka sofa inagwedezeka. Mzime, amene ankathira tiyi, anamuponyera Mlongoti diso lomuchenjeza.

Nyimbo yotsegulira sewero itayamba, onse anatembenukira ku TV. Dokotala analonjeza, mtsikana analira, dalaivala anatsekula chitseko cha galimoto. Kenako kunabwera zotsatsa malonda, ndipo Aphunzitsi anatsitsa mawu a TV.

"Anthu a sewerowa akumuwononga dalaivala," anatero. "Ine ndimangoonera kuti nthawi ikwane, ndiwerenge Namzeze. Mlungu wonse sindinagone bwino chifukwa cha pantoni ija. Mlamu, mwamuna ndi ameneyo. Woyenda, wodziwa dziko, wosaopa kudetsa manja."

Mlongoti anamva chifuwa chake chikukula mpaka mabatani kufuna kuduka. Anayang'ana pansi.

"Amayi, zimenezo ndi zopeka za anthu osayenda," anatero Wamagalasi. "Chombo chikazima pafupi ndi mathithi, nkhani yatha. Muona, adzati kunabwera ndege. Kapena munthuyo ankalota. Olemba a pafoniwa ndi anthu osowa chochita."

Akanangonyoza dalaivala, Mlongoti akanapirira. Koma ananyoza wolemba, ndipo ananyozanso mtsinje umene Mlongoti anaoloka ndi thupi lake. Loko uja anathyoka.

"Sikunabwere ndege, achimwene."

"Inu munaliko?"

"Chimene chimaduka ndi lamba wa injini. Munthu wodziwa amavula lamba wa buluku lake, wachikopa, n'kumukulunga pamenepo. Pa chombo pamakhala oimba a bandi, wa lipenga amakwera pa matumba a simenti. Ndiye munthu umawauza amayi kuti, amayi nonse tembenukani, ulemu wanga ukupita kukagwira ntchito. Umafika kutsidya dzanja limodzi pa injini, lina litagwira buluku."

Azakhali anagwa chagada ndi kuseka. Ngakhale pakamwa pa Aphunzitsi panagwedezeka pang'ono. Mzime yekha ndi amene sanaseke. Anaima ndi tiipoti m'manja, tiyi akudontha pa thireyi, ndipo Mlongoti atamuyang'ana, anazindikira zimene wachita.

*

Sewero litatha, mafoni atatu analira pamodzi. Aphunzitsi anavala magalasi awo, nayamba kuwerenga mokweza, monga ankachitira Lachinayi lililonse. Ankawerenga bwino zedi, kupuma pamene payenera kupumidwa. Atafika pa matumba a simenti, mawu awo anachedwa. Atafika pa lamba, anaima. Mawu a dalaivala anawawerenga kawiri.

Anavula magalasi, nayang'ana mpando wapulasitiki uja.

"Bambo, gawo ili latuluka tsopano lino."

"Inde, amayi."

"Inu mwalinena lisanatuluke. Mawu omwewa."

Mlongoti anatsekula pakamwa, koma kumbuyo kwa amayi ake Mzime anapukusa mutu kamodzi, maso akupempha. Anatseka pakamwapo.

"Mlamu," anatero Aphunzitsi, mawu atafewa ngati a munthu wina, "miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikufunsa kuti Namzeze ndani. Ndipo ine ndamukhazika pampando wapulasitiki, pachitseko, ngati wodzawerenga mita ya magetsi. Mzime, tsekula kabati. Tulutsa makapu amaluwa. Inu a magalasi, tasunthani pang'ono, mlendo akhale pa sofa."

Wamagalasi anasuntha, nkhope itauma ngati bisiketi zake. Mlongoti anamwa tiyi m'kapu ya maluwa, koma sanamve kukoma kwake. Potuluka, Aphunzitsi anamuperekeza okha mpaka pageti.

"Lamulungu mudzadye nafe chamasana. Pali zambiri zoti tikambirane, za nkhani ndi za mwana wanga."

*

Lachisanu m'mawa mauthenga a Mzime anayamba kufika.

"Geti la kumsika."

"Ndalakwa. Ananyoza iwe, mutu unatentha."

"Azakhali auza gulu lonse. Lowa uwone."

Analowa. Mauthenga anali mazana. Namzeze ndi bambo wa madishi. Ndinadziwa kuti ndi mwamuna, akazi sadziwa za injini. Anandimangira dishi chaka chatha, ndinaona kuti maso ake ndi a wolemba. Wina anaika chithunzi chake ali padenga la Aphunzitsi, ndipo atsikana atatu anapempha nambala yake. Tsiku lina lililonse Mlongoti akanayenda ndi foniyo mumsewu kuonetsa aliyense. Tsikuli anaitembenuza pa tebulo.

"Ndiwauza kuti si ine," analemba.

"Usayerekeze. Chitseko chatseguka. Tachidikira chaka chonse."

"Chatsegukira munthu wolakwika."

"Tikambirana mawa."

*

Pepala la Loweruka linali lalitali kuposa masiku onse, chifukwa cha chakudya cha Lamulungu: nkhuku, mpunga, zakumwa, nsalu ya patebulo yatsopano. Pansi penipeni Aphunzitsi analemba kuti, kope labwino ndi cholembera, mphatso ya mlendo.

Anayenda mumsika monga mwa nthawi zonse, koma Mlongoti anaona chinthu. Wogulitsa nkhuku anauza kasitomala kuti nkhukuyo yaonda chifukwa imaganiza kwambiri, ndipo Mzime sanatulutse foni. Anadutsa pa sitolo ya masipika pamene pankalira nyimbo yake ya gitala ija, ndipo sanachedwetse phazi. M'sitolo ya mabuku anasankha kope la chikuto chakuda, naligwira nthawi yaitali, nalinunkhiza, nalipereka kwa Mlongoti.

"Lako ili. Amayi akugulira."

"Gawo lotsatira walemba?"

"Ndilemba."

"Wayamba?"

Mzime anatembenuka. Anatuluka, nakaima pamthunzi wa khonde la sitolo.

"Tamvera," anatero. "Ine ndizilemba, iwe uzilandira kuthokoza. Palibe chovuta. Anthu ambiri amakhala choncho. Iwe umakonda kutamidwa, ine ndimakonda kukhala chete. Tikakwatirana ndizilemba m'nyumba mwathu, opanda wotentha makope."

"Ndimakonda kutamidwa pa zanga. Malire asanu ndi awiri ndinadutsa ndekha. Pantoni ndinaiolotsa ndekha. Koma ana aja osamva mathithi ndi ako."

"Ndakupatsa."

"Maso ako sanandipatse."

Mzime anayang'ana kumbali. "Usiku wa Lachinayi amayi analowa kuchipinda kwanga. Anati, mwanangu, ndinamuweruza molakwa, munthu wolemba chonchi ali ndi mtima. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti anene mawu amenewo pa zolemba zanga. Anena. Kungoti anena za iwe." Anapukuta m'maso ndi pepala la zotuma lomwe. "Koma ndikawauza, ndine mwana wabodza amene analumbira n'kunama zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo iwe ndiwe wondithandiza kunama. Atithamangitsa tonse awiri. Ndiye mawa udye nkhuku, uyamike, ukhale chete. Undilonjeze."

"Ndikulonjeza kuti dzina lako silituluka pakamwa panga."

"Si zimene ndapempha."

"Ndi zimene ndili nazo," anatero Mlongoti, nanyamula majumbo onse anayi.

*

Lamulungu, Aphunzitsi anamukhazika pampando wa malemu amuna awo, kumutu kwa tebulo. Nsalu yatsopano, mbale za alendo, nyimbo zapansipansi pa wailesi. Azakhali anavala ndolo. Wamagalasi sanaitanidwe, koma anafika ndi timadzi totsukira magalasi a Aphunzitsi, ndipo nthawi ya chakudya munthu sabwezedwa pakhomo.

Atatha kudya, Mzime anachotsa mbale napita kukakonza tiyi. Aphunzitsi anatulutsa kope lakuda lija, atalikulunga m'pepala lonyezimira.

"Ine ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi ziwiri," anatero. "Ndachonga zolemba zambirimbiri. Luso ngati lanu ndaliona mwina kawiri. Landirani. Ndipo ngati mukufunadi mwana wanga, muuze akuluakulu a kwanu abwere tidzaonane. Ine sinditsekanso chitseko."

Mlongoti anali atamva mawu okoma m'zilankhulo zambiri, koma oposa amenewa anali asanawamve. Chaka chonse cha kunyamula gasi chinali pamenepo, pa tebulo, m'pepala lonyezimira. Anatambasula dzanja. Kenako anamva makapu akugundana pa thireyi, ndipo anadziwa kuti Mzime waima pakhomo la kukhitchini, akuyang'ana kope limene anasankha yekha.

Anabweza dzanja.

"Amayi, mwana wanu ndimamufuna kuposa chilichonse chimene ndinaona m'maulendo anga onse. Koma kope ili sindingalandire. Namzeze si ine."

Aphunzitsi anamuyang'anitsitsa.

"Mukuti chiyani, bambo?"

"Nkhani ya pantoni ndi yanga, inandichitikira. Koma ine ndimangolankhula. Kalata ya mizere isanu imanditengera tsiku. Amene amalemba ndi wina, ndipo ine sindiyenera ngakhale kumusongolera pensulo. Chimene mwaona m'zolembazo chilipodi, koma si changa."

"Nanga bwanji simunanene Lachinayi?"

"Tiyi anali m'kapu ya maluwa, amayi. Ndinafooka."

Azakhali anayamba kuseka, koma anasiya ataona nkhope ya mlamu wawo.

"Ndiye wolembayo ndani?"

"Ndinalonjeza kuti sinditchula."

Wamagalasi anavula magalasi ake, nawapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. Anali atadikira masiku atatu.

"Amayi, pepani kulowerera za pabanja. Koma ine ndawerenga magawo onse usiku wapitawu, kuti ndimvetse. Wolembayo amadziwa mmene achimwenewa amasekera. Amadziwa chipsera cha pachala chawo. Amadziwa kuti akamanama amagwira khutu. Pali gawo lina lonse longofotokoza mapewa a dalaivala akanyamula katundu. Zimenezo salemba mwamuna mnzawo." Anavalanso magalasi. "Ndi mkazi. Ndipo ndi mkazi amene amawakonda."

Aphunzitsi anatembenukira kwa Mlongoti.

"Ndi mkazi?"

Mlongoti anaika manja onse awiri pa tebulo, kutali ndi makutu.

"Ndi mkazi, amayi."

"Mumakumana naye?"

"Timakumana."

"Kangati?"

"Mlungu uliwonse."

"Amakukondani?"

Anafunitsitsa kuyang'ana kukhitchini, koma anaumitsa khosi. "Ndikuganiza choncho."

"Ambuye," anatero azakhali chapansipansi.

Aphunzitsi anakoka kope lija pang'onopang'ono, naliika pamiyendo pawo. Mawu a m'kalasi aja anabwerera.

"Ndiye mwakhala pampando wa amuna anga, mwadya chakudya changa, mukupempha mwana wanga, pomwe mlungu uliwonse mumakanong'oneza mkazi wina mbiri ya moyo wanu. Mzime, bwera kuno. Ika thireyi pansi, ugwetsa makapu anga. Wamva ndi makutu ako zimene munthu wakoyu wanena?"

"Ndamva, amayi."

"Unkadziwa za mkazi ameneyu?"

Mzime anayang'ana thireyi. 

"Taonani mwana wanga, mawu amuthera," anatero Aphunzitsi, namugwira dzanja. "Usalire, mwanangu. Ine ndilipo." Kenako anayang'ananso Mlongoti. "Bambo, mwanena zoona pamene bodza likanakupindulirani, ndiye ndikupatsani mwayi umodzi. Lachinayi likubwerali, sewero lisanayambe, mubwere naye Namzeze m'nyumba muno. Ndikufuna ndimuone, ndimuyamike pa zolemba zake, kenako anene pamaso panga kuti pakati pa inu ndi iye palibe chilichonse. Mukabwera nokha, musadzakwerenso ngakhale padenga langa."

Anafinya dzanja la mwana wawo.

"Ndipo iwe Mzime, tsiku limenelo usapite kulikonse. Udzakhale pano pambali panga, umuyang'ane m'maso mkazi ameneyo."